Mwala umene umamera m'matope

Ntchito yanga ndi yobowola mijigo, kuno ku Chipata ambiri amangoti ma borehole. Tazungulira Katete, Chadiza, Vubwi, Lundazi mpaka kutsikira kuchigwa ku Mambwe, ndipo gawo langa pagulu lathu ndi la masampulo. Makina akalowa mita imodzi ine ndimatapa zimene kompulesa yalavula n'kuunjika kamulu pansi, mita ina kamulu kena, mizere ya timiulu khumi khumi. Pofika mamita 60 umakhala ndi timiulu 60, ukaimirira n'kuyang'ana umaona nthaka yonse ya pamalopo itagona pamaso pako, katondo wofiira pamwamba, kenako dothi lotuwa, mwala wofumbutuka, mpaka granite wolimba uja amene hamala ikamufika kulira kwake kumasintha.

Chaka chatha mu October, dzuwa lija la kuchigwa loti olo galu safuna kuchoka pamthunzi, tinali kubowola pamudzi wina pakati pa mitengo ya tsanya. Dothi lake makande akuda bii, omata. M'timiulu ta mita yachiwiri ndi yachitatu munatuluka timiyala toyera tokhakhala, tina ngati nzama tina ngati dzira la nkhanga. Agogo ena amene anakhala pakampando kawo kuonerera kuyambira m'mawa anandikodola.

"Mwana wanga, timiyala ito tinalowamo bwanji umo? Kuno kulibe phiri."

Ndinati agogo, kapena madzi osefukira anatikokolola kalekale. Anapukusa mutu. "Mwala wa mumtsinje umakhala wosalala."

Amayi amene amatiyang'anira pa za madzi a pansi, ophunzira za miyala, anamva. Sanakambe zambiri ayi, anatuma mwana kukatenga ndimu, anaswa kamwala kamodzi n'kufinyirapo. Kanayamba kuchita thovu, psii, ngati Fanta. "Aka sikanachokere kwina agogo, kanamera momwemo."

Liwu limenelo, kumera, silinandichoke m'mutu. Usiku kumsasa ndinawafunsanso, anandifotokozera kuti madzi a pansi amanyamula laimu wosungunuka, m'chilimwe nthaka ikamauma laimuyo amatsalira n'kumaundana pang'onopang'ono mkati mwa dothi. Ndiye anawonjezera kuti izi ndi zazing'ono, mukafuna kuona kumene miyala yotere imabadwa mochuluka ndi pansi pa nyanja ya mchere, mumdima, m'matope. Kuyambira tsiku limenelo mabandulo anga ambiri athera pa nkhani imeneyi.

Choyamba chinthucho tichidziwe. Asayansi amachitcha calcium carbonate, koma ife timakhala nacho tsiku lililonse. Chigoba cha nkhono, chikhungwa cha dzira, laimu amene alangizi amatiuza kuthira m'munda nthaka ikawawasa, mwala umene ku Chilanga amawotcha kupanga simenti, zonsezi ndi mtundu umodzi. Achemwali anga amakhala ku Lusaka ndipo ketulo yawo mkati inachita kuyera mbuu, chikhokho cholimba choti umachita kugogoda ndi supuni, chifukwa Lusaka anakhala pamwamba pa mwala wa laimu ndipo madzi ake amaunyamula. Apa pali chinthu chimodzi chodabwitsa. Shuga amasungunuka bwino mu tiyi wotentha, koma laimu uyu ndi wosemphana, ukatenthetsa madzi mpweya wa carbon dioxide umathawa ndipo iye amagwa n'kuuma, pamene madzi ozizira okhala ndi mpweyawo wambiri amamudya. Mfundo imeneyi muigwire, ndiyo ikulamulira zonse pansi pa nyanja.

Nanga anthu anadziwa bwanji za kumeneko? Anabowola, ngati ife tomwe. Kunali sitima yotchedwa Glomar Challenger imene inayamba mu 1968, kenako JOIDES Resolution kuyambira 1985 mpaka 2024. Sitima yotere imaima pamadzi, kulumikiza mapaipi makilomita anayi kaya asanu kuti ingofika pansi chabe, ndiye n'kuyamba kubowola. Iwo satulutsa fumbi ngati ife, amatulutsa mpukutu wathunthu wa matope wotalika mamita 9.5 nthawi imodzi, amaung'amba pakati, theka amapima theka amasunga m'nyumba zozizira ku Bremen ku Germany, ku Texas ku America ndi ku Kochi ku Japan. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa timiulu tathu tikangolemba m'buku mawa lake mbuzi zapondaponda, mbiri ya nthaka ya mudzi wonse yapita.

Njira yoyamba imene laimu amafikira pansi ndimaitcha ya mvula. Pamwamba pa nyanja, pamene dzuwa limafika, pamakhala ndere ya selo imodzi yotchedwa coccolithophore, yaing'ono moti mtundu wake wofala uja mutandandalika 200 ndiye mwakwanitsa milimita imodzi. Kandere aka kamadziveka timbale ta laimu ngati mamba a nsomba. Palinso tizamoyo tina, foraminifera, ta zigoba zonga mchenga. Tikafa zigoba zimatsika. Kambale kamodzi pakokha kangatenge zaka zambiri kuti kafike pansi, koma tambiri timadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi n'kutuluka titamangidwa m'ndowe, ndiye timagwa m'masabata ochepa. Wasayansi wa ku England, Thomas Huxley, ndiye anatipatsa timbale timeneti dzina loti coccolith mu 1858, atapima matope amene anatengedwa pansi pa Atlantic pamene ankafufuza poyala waya wa telegalafu. Lero tikudziwa kuti matope oyera amenewa aphimba pafupifupi theka la pansi pa nyanja zakuya.

Koma kuchedwa kwake! Sentimita imodzi mpaka atatu pa zaka 1,000. Tiyerekeze awiri. Kuchokera pamene Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835 mpaka Nc'wala ya chaka chino, matope akwera pafupifupi mamilimita anayi chabe, osafika olo njere ya chimanga. Kamulu kanga kamodzi ka mita imodzi kumeneko ndi zaka 50,000. Akamakwiririka kulemera kwa apamwamba kumafinya madzi, timbale tina timasungunuka pang'ono n'kumatirira tinzake, matope amasanduka choko, choko amasanduka mwala wa laimu. Zipupa zoyera za ku Dover ku England, zoposa mamita 100 kutalika, ndi timbale tomweti.

Manje kumbukirani ketulo ija. Pansi kwambiri madzi ndi ozizira zedi, madigiri awiri kaya atatu, kupsinja ndi kwakukulu, ndipo zowola zonse zimene zatsika zawadzaza carbon dioxide. Ndiye pali malire, penapake pakati pa mamita 4,000 ndi 5,000, pamene zigoba zimasungunuka msanga kuposa mmene zikugwera. Mamita 4,500 ndi mijigo 75 ya mamita 60 mutaisanjikiza. Kupitirira apo kulibe matope oyera, kuli dongo lofiirira. John Murray wa pa ulendo wa sitima ya HMS Challenger, 1872 mpaka 1876, anaona kale zimenezi. Kunena kuti madzi onse aphwe, mapiri a pansi pa nyanja angaoneke ngati chulu chimene munthu wathira ufa pansonga pokha. Ku Pacific malirewa ali pamwamba kuposa ku Atlantic, chifukwa madzi akuya a kumeneko ayenda nthawi yaitali ndipo atolera mpweya wambiri.

Iyo ndi njira imene mabuku ambiri amakamba. Koma imene inandigwira mtima ine ndi yachiwiri, ya mwala umene sugwa kuchokera kumwamba koma umabadwira mkati mwa matope, ngati timiyala ta agogo aja. Ndipo kuti ndiimvetse zinatengera dimba la amai anga.

Amai ali ndi dimba kudambo, amalima repu, tomato ndi nzimbe. Pafupi ndi chitsime chawo pali matope akuda oti ukaponda phazi limalowa mpaka mu akakolo, thovu limatuluka bwabwabwa, ndi fungo lija la dzira lowola. Tili ana tinkangoti dambo likununkha. Kodi thovulo ndi mpweya wotchedwa methane, ndipo fungolo ndi mpweya wa sulufule, zonse ziwiri ndi ntchito ya tizamoyo tosaoneka timene tikudya masamba owola kumene kulibe oxygen. Zomwezo zikuchitika pansi pa nyanja, makamaka m'mphepete mwa makontinenti kumene mitsinje ndi ndere zimakhuthula zowola zambiri, kungoti kumeneko zida zake n'zochuluka. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli pafupifupi magalamu 2.7 a sulphate (mchere wa sulufule), 1.3 a magnesium ndi 0.4 a kashiamu.

Tizamoyoti timatsata ndondomeko imene aliyense amene anaonapo chaka cha njala angaizindikire. Ufa woyera ukatha mumadya mgaiwa, mgaiwa ukatha gaga, kenako mango owiritsa, mapeto ake mizu ya kutchire. Iwo chimene chimatha si chakudya koma chopumira. Pamwamba penipeni pa matope amapuma oxygen, amene malo ena amathera m'masentimita ochepa. Pansi pake ena amapumira nitrate, ena manganese, ena chitsulo, kenako sulphate. Sulphate naye akatha pamatsala gulu lakale kwambiri lotchedwa archaea, limene limangophwanya zotsalazo n'kumatulutsa methane.

Ndiye onani chimene chimachitika. Methane akukwera kuchokera pansi, sulphate akutsika kuchokera m'madzi a pamwamba, penapake mkati mwa matope amakumana. Malo amenewo ine ndimawaona ngati boda ya Mwami, kachigawo kopapatiza koma malonda onse ali pomwepo. Pamenepo pamakhala magulu awiri okumbatirana m'kampira kamodzi, archaea mkati mabakiteriya kunja. Archaea amaswa methane koma payekha sangamalize, alibe kotaya mphamvu imene yatuluka, ndiye amapatsira mnzake amene amakaithira pa sulphate. Mayi wina wa ku Germany, Antje Boetius, ndi anzake ndiwo anaonetsa timipira timeneti pa maikulosikopu mu 2000, m'matope ochokera ku Hydrate Ridge kufupi ndi Oregon ku America. Zotsala za malonda awo ndi ziwiri, sulphide wa fungo la dzira lowola uja, ndi bicarbonate, yemwe uja ali mu soda wophikira therere. Bicarbonate akachuluka m'madzi a pakati pa njere za matope amagwirana ndi kashiamu, ndipo timakristo timayamba kumera m'mipata, kumata njere ndi njere ngati simenti. Poyamba kanthu konga mchenga, kenako nzama, kenako chibuma, malo ena chimwala chathyathyathya choyala pansi ngati sitepe ya konkire. Sulphide naye akapeza chitsulo amapanga pyrite, timiyala tonyezimira tija timene tikatuluka pa mjigo anthu amathamangira kuti ndi golide.

Mpweya kusanduka mwala. Ndimabwereza mawu amenewa ndekha pagalimoto tikamapita kusaiti, ndipo sindinatope nawo.

Tizamoyoti sitithamanga. Mabakiteriya amene amasasitsa mkaka amatha kuwirikiza ola lisanathe, koma awa amatenga miyezi ingapo kuti mmodzi akhale awiri, chifukwa phindu la malonda awo ndi lochepa kwambiri. Olo choncho taonani zimene amanga. Ku Black Sea, kumene madzi a pansi alibiretu oxygen, asayansi analengeza mu 2002 kuti anapeza nsanamira za laimu zotalika mpaka mamita anayi zitaima pamene methane akutuluka, zitakutidwa ndi chikhakha cha tizamoyo timeneti, mofanana ndi mmene chiswe chimamangira chulu. Ndipo akuti pa methane yense amene amapangika m'matope a nyanja, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amadyedwa chonchi asanatuluke. Methane amasunga kutentha m'mlengalenga kuposa carbon dioxide maulendo oposa 25. Ife amene tinaona chilala cha 2024, chimanga chikupserera chisanamasule, Kariba ataphwa malaiti akuzima tsiku lonse, zitsime za m'midzi zitauma anthu akutiyimbira foni usiku, sitingamve nkhani iyi ngati ya kutali. Pali antchito kumdima uko amene akutitsekera chitseko ndipo sitinawamvepo olo dzina.

Mwina wina afunsa kuti ukatola mwala umadziwa bwanji kuti uyu ndi wa methane osati wa zigoba. Mwana amatengera magazi a kholo. Carbon alipo wopepuka, 12, ndi wolemerako, 13, ndipo tizamoyo timakonda wopepukayo, choncho methane amakhala ndi 13 wochepa kwambiri, mwala wobadwa mwa iye umatengera chimodzimodzi. Akaupima pamakina umadziulula wokha olo patapita zaka mamiliyoni.

Mtundu wa mwala umadalira malo. Kufupi ndi pamwamba pa matope kumakonda kumera laimu wotchedwa aragonite, mkatikati laimu wina wotchedwa calcite wosakanikirana ndi magnesium, kumene kuli chitsulo chambiri koma sulphide kulibe kumamera siderite, mwala wa chitsulo. Ndiye pali dolomite, amene nkhani yake ndimaikonda mwapadera. Ameneyu ndi laimu wa kashiamu ndi magnesium pamodzi, dzina lake linachokera kwa Mfalansa Dolomieu amene anamufotokoza mu 1791. M'miyala yakale alimo wambirimbiri, Lusaka yemwe wakhala pa iye, ngakhale wa ku Lusaka anabadwira m'nyanja zosaya zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo kenako n'kuphikidwa ndi kutentha kwa pansi. Koma m'nyanja za lero amaoneka mwa apo ndi apo, ndipo mu labu amavuta kwambiri kumera m'madzi osatentha. Bambo wina wa ku Texas, Lynton Land, anasakaniza zonse zofunika n'kudikira zaka 32, sipanamere kanthu, ndipo mu 1998 analemba poyera kuti zakanika. Munthu ameneyu ndimamulemekeza. Pantchito yathu mjigo wouma ndi wowawa, mwini wagulitsa ng'ombe, mudzi wonse ukuyang'ana, hamala ikungotulutsa fumbi, koma lipoti loona la mjigo wouma limapulumutsa munthu wotsatira. Ndiye pamene sitima inabowola kufupi ndi Peru mu 1986 ndi 2002, m'matope odzaza ndi zowola, inapeza mizere ya dolomite yolimba ili mkati mwa matope ofewa, yomera momwemo, m'malo amene tizamoyo tija timagwira ntchito. Asayansi ena amaganiza kuti chimene botolo la mu labu linalibe chinali moyo.

Wina amene anandisiya kukamwa yasaa ndi ikaite. Anamupeza koyamba mu 1963 ku Ikka, ku Greenland. Ndi laimu yemweyo koma wogwira madzi mkati mwake, magawo asanu ndi limodzi a madzi pa gawo limodzi la laimu, ndipo amakhala wolimba pokhapokha pali pozizira kwambiri. Amamera m'matope akuya ngati kristo wowala wachikasu, koma ukamukweza pasitima n'kumusiya pofunda, m'maola ochepa wasanduka phala loyera ndi madzi. Amupeza ku Antarctica, amupezanso pansi pa Atlantic kumene mtsinje wa Congo umakhuthula matope ake kudzera m'chigwembe chachikulu cha pansi pa madzi. Ndipo Congo ameneyo mutu wake wina ndi Chambeshi wathu, wochokera kumapiri a kumpoto kufupi ndi Mbala, kudutsa m'madambo a Bangweulu, Luapula, Mweru, mpaka kukalowa mu Lualaba. Ife tilibe nyanja ya mchere koma madzi athu amakafika. Kuno kum'mawa mitsinje yambiri imathira mu Luangwa, Luangwa mu Zambezi, kungoti matope ambiri amatsakamira pa damu la Cahora Bassa asanaone Indian Ocean.

Pali mpukutu umodzi wa matope umene chithunzi chake ndinasunga mufoni. Unatengedwa mu 2003 ku Walvis Ridge, kunyanja ya kufupi ndi Namibia. Ukayamba pansi ndi woyera, woyera, woyera, ndiye mwadzidzidzi ngati munthu wadula ndi mpeni, wofiira ngati katondo. Mzere umenewo ndi wa zaka 56 miliyoni zapitazo, pamene carbon wambiri analowa m'mlengalenga ndi m'nyanja mwamsanga, dziko linatentha, madzi anawawasa, malire osungunula zigoba aja anakwera makilomita oposa awiri ndipo laimu wa pansi anadyedwa. Pamwamba pake mtundu umayamba kuyeranso pang'onopang'ono, koma kuti ubwerere mwakale zinatenga zaka pafupifupi 100,000. Nyanja inadzichiritsa pogwiritsa ntchito nkhokwe yake ya laimu, monga ife tithira laimu m'munda wowawasa. Lero nyanja ikumeza pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a carbon dioxide amene anthu tikutulutsa, ndipo ine ndikayang'ana mzere wofiira uja mtima umandiwawa, chifukwa ndikudziwa mmene kamulu kamaonekera pamene nthaka yasintha mwadzidzidzi, ndaziona ndi manja anga.

Mjigo wa pamudzi uja tinapeza madzi, abwino ndithu, ngakhale ndinawauza amayi a pamenepo kuti mapoto awo azichita chikhokho choyera, asadabwe. Tisananyamuke ndinatola timiyala tisanu, tiwiri ndinapatsa agogo aja pamodzi ndi ndimu imene inatsala, anati akaonetsa adzukulu akabwera kusukulu. Titatu tili m'botolo pawindo kunyumba kwanga ku Kapata. Sabata yatha ndinapita nato kudimba kwa amai, ndinawaonetsa thovu la ndimu, kenako ndinaponda matope akuda aja pafupi ndi chitsime kuti aone thovu linalo, n'kuwafotokozera zonsezi kuyambira pa ketulo mpaka ku Black Sea. Anamvetsera ali chogwira khasu, ndiye anandifunsa ngati pansi pa dimba lawo pangakhalenso timiyala totero. Tapangana kuti madzi akatsika mu September ndibwera ndi chitsulo chobowolera pamanja, tikumbe mamita atatu, timiulu tiunjike pamzere wa nzimbe.